Mwana wakhoza Fomu 4: tichite chiyani kuti akafike ku koleji ndi kukamaliza?

Mwa chizolowezi chathu, tikatha kuyendera munda wophunzirira ndi kukambirana zomwe taona pa mbewu, timakhala ndi mutu wapadera. Mutu wa lero si wa mbozi kapena manyowa ayi. Ndi wa ana athu amene amafika Fomu 4, ena n'kukhoza bwino ndithu, koma ku koleji osapondako. Kapena kupondako, n'kubwerera chaka chachiwiri ali chimanjamanja. Mwina wina akudabwa kuti mlangizi wa zaulimi zimenezi zikumukhudza bwanji. Zikundikhudza chifukwa fizi ya mwana wa mlimi imachokera m'munda, m'dimba ndi m'khola. Mukagulitsa chimanga mu Meyi pa mtengo wolira chifukwa cha fizi, nkhaniyo yafika kale pa ntchito yanga.

Chomwe ndikufuna tigwirizane lero ndi ichi: ana ambiri akumudzi sagwa pa mayeso pokha. Amagwera m'mipata. Pali mpata pakati pa kutuluka kwa zotsatira ndi kufunsira malo, pali mpata pakati pa kusankhidwa ndi tsiku lokayamba, ndiye pali mipata ina m'kati mwa zaka za ku koleji, pamene ndalama ikufunika lero koma mbewu zikadali zaziwisi. Mipata imeneyi kholo likhoza kuitseka ngakhale lisanapiteko kusukulu, bola kuidziwiratu.

Tiyambe ndi mapointi, chifukwa apa ambirife timangomva nambala osaimvetsa. Mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndiye amati kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino koposa, choncho nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino. Wopambana kwambiri amapeza mapointi 6. Koma kuti mwana afunsire malo ku yunivesite ya boma, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Mwana akhoza kuchita zodabwitsa pa masamu ndi pa zaulimi, koma akapeza 7 pa Chingerezi, chitseko cha yunivesite chatsekeka chaka chimenecho. Ndiye mukamva kuti mwana Chingerezi chikumuvuta ali Fomu 2, musadikire Fomu 4. Kakambiraneni ndi aphunzitsi, ndipo pakhomo muzimusiyirako wailesi amve nkhani za m'Chingerezi, osati mpira wokha.

China chomwe chimachitika mwakachetechete ndi kusankha maphunziro pofika Fomu 3. Mwana amasiya phunziro la sayansi chifukwa anzake akuti ndi lovuta, kapena chifukwa pa CDSS yathu palibe labotale, kunyumba osanena kanthu. Patatha zaka ziwiri akuti akufuna unamwino, udokotala wa ziweto kapena zaulimi, koma maphunziro amenewo amafuna masamu, Biology ndi sayansi zinazo. Pamenepo n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Kholo lili ndi ufulu wopita kwa a hedi n'kufunsa kuti, mwana wangayu akutenga maphunziro ati, ndipo angamufikitse kuti? Palibe mphunzitsi wanzeru amene angakuthamangitseni chifukwa cha funso limenelo.

Pano ndinenepo mawu omwe mwina sakoma. Miyezi yomwe mwana wa Fomu 4 akukonzekera mayeso ndi yomweyo yomwe ife tili pa kalikiliki wokolola chimanga, kukumba mtedza ndi kumenya soya. Manja amachepa, ndikudziwa. Koma mwana amene wakhala tsiku lonse akusenza matumba sangawerenge usiku, amangogona pa kope. Chaka chimodzi chokhacho, m'patseni mpata. Makamaka mtsikana: iye amatunga madzi, kuphika, kusinja, mchimwene wake ali pansi pa mtengo ndi buku, kenaka tizidabwa kuti atsikana sakhoza. Gawani ntchito mofanana, ndipo ngati pali ndalama ya nkhuku imodzi kapena ziwiri, gulani nyale ya sola.

Zotsatira zikatuluka, apa ndi pomwe ambiri timataya ana okhoza. Ku sekondale mwana amangosankhidwa, dzina n'kutuluka. Ku yunivesite sizitero: mwana amayenera kufunsira yekha malo. Bungwe la National Council for Higher Education, mwachidule NCHE, ndi lomwe limalengeza nthawi yofunsira malo m'mayunivesite a boma, ndipo pamakhala tsiku lotsekera. Mayunivesitewo ndi University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre yomwe kale tinkati Polytechnic, Kamuzu University of Health Sciences ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi yomwe ili ndi Bunda ndi NRC, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Chilengezo chimatuluka m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo kudzaza mafomu masiku ano kumadalira kwambiri intaneti. Mwana wa m'tauni amamva tsiku lomwelo pa foni. Wa kwathu kuno amamva patatha mwezi, kwa mnzake pa msika. Chilengezocho chimatchulanso zaka zomwe mwana ayenera kuti analemba mayeso, kotero kuzengereza kwa zaka zingapo kumatha kumutulutsa pa mzere.

Podzaza fomu mwana amasankha maphunziro angapo motsatana. Ambiri amalemba udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya basi, chifukwa ndi zomwe anamvapo. Kumeneko n'komwe kumathamangira ana a mapointi otsikitsitsa dziko lonse, ndipo malo ndi ochepa. Inu m'munda simudzala mbewu ya mtundu umodzi. Mumasakaniza yocha msanga ndi yochedwa kuti mvula ikavuta musatuluke opanda kanthu. Pa fomu n'chimodzimodzi. Pamwamba alembe chomwe mtima ukufuna, koma m'munsimo alembe maphunziro ogwirizana ndi magiredi ake enieni. Asadzaze yekha pa msika mothamanga. Akhale pansi ndi mphunzitsi wake wakale kapena wina amene anadutsamo.

Mapepala nawonso amagwetsa anthu. Mwana akhale ndi chiphaso cha unzika, chomwe munthu amatenga akakwana zaka 16. Dzina la pa chiphaso lifanane ndi la pa mapepala a mayeso, chilembo ndi chilembo. Ngati kusukulu analembetsa dzina la agogo pomwe pa chiphaso pali la bambo, kakonzeni msanga. Nambala ya foni yomwe walemba pa fomu ikhale yogwira ntchito, osati ya mlamu amene wapita ku Joni. Ndipo mapepala onsewa asungidwe m'pulasitiki, mu ndowa yotseka, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Chenjeraninso ndi anthu oimba foni kuti tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti tim'pezere mwana wanu malo. Malo a ku yunivesite ya boma sagulitsidwa pa foni. Ndalama yofunsira malo imalipiridwa mwa njira yomwe yalembedwa pa chilengezo, ndipo lisiti lake lisungidwe.

Tsopano, yunivesite si khomo lokhalo, ndipo ndikufuna mumve bwino apa chifukwa ana ambiri amakhala pansi poganiza kuti dzina likapanda kutuluka ndiye basi. Kuli makoleji a uphunzitsi wa ku pulaimale monga a ku Kasungu, Lilongwe, Blantyre, Machinga ndi Karonga. Kuli Domasi ndi Nalikule a uphunzitsi wa ku sekondale. Kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a unamwino a mipingo monga ku Nkhoma, Malamulo ndi Ekwendeni. Za ziweto zili ku Mikolongwe, za nkhalango ku Dedza, za nsomba ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, ndipo ku Kasungu kuli Mwimba ya zaulimi. Za ntchito zamanja, zomwe amayang'anira a TEVETA, zili ku Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji ang'onoang'ono a m'madera. Ambiri mwa awa amalengeza paokha, pa nthawi zosiyana, choncho khutu likhale kunja chaka chonse. Ine amene ndikuyankhula nanu ndili ndi dipuloma, osati digiri, ndipo ndi yomwe ikundidyetsa. Njira yokawonjezera maphunziro ikadali yotseguka. Mwana wodziwa kuwotcherera zitsulo kapena kukonza mapampu a sola sagona ndi njala masiku ano. Ngati mwasankha koleji yomwe si ya boma, funsani kaye ngati kolejiyo ndi phunzirolo zili zovomerezeka ndi NCHE, kapena TEVETA ngati ndi zamanja. Kulipira zaka zitatu n'kulandira pepala lomwe olemba ntchito salizindikira ndi chimodzimodzi kugula mbewu yopakidwa utoto pa msika.

Kuchokera pa tsiku lomaliza mayeso kufika tsiku lokayamba ku koleji pamatha miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Nyengo imeneyi ndi yoopsa kuposa mayeso. Mnyamata amayamba kabaza, n'kuzolowera kandalama ka tsiku ndi tsiku, kapena amva za anzake a ku Joni. Mtsikana amayamba kufunsiridwa, achibale n'kumati wakula, akudikira chiyani. Lamulo limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma wa Fomu 4 nthawi zambiri wadutsa kale pamenepo, ndiye chomuteteza ndi mawu a makolo basi. Langizo langa ndi lakuti mwana wodikirayo mum'patse ntchito yokhala ndi cholinga: kachigawo ka dimba kakhale kake, alime tomato, anyezi kapena chimanga chachiwisi, alembe zolowa ndi zotuluka m'kope monga timachitira pano, ndipo phindu likhale la ulendo wa ku koleji. Abwere ngakhale kuno ku sukulu ya m'munda adzatithandize kulemba. Ngati mtsikana watenga pathupi, nkhani ya sukulu isathere pomwepo. Akabereka akhoza kupitiriza, ndipo agogo amene avomera kulera mdzukulu kwa zaka zingapo achita chinthu chachikulu.

Tifike pa ndalama. Boma lili ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Mwana akasankhidwa, ayang'anire chilengezo cha bungweli ndi kufunsira nthawi isanathe, ndipo azitero chaka ndi chaka, osaganiza kuti kulandira kamodzi ndiye kwatha. Pofunsira alembe zoona zokhazokha za pakhomo pake. Ngati ndi wamasiye kapena ali ndi ulumali, maumboni ake akhale okonzeka. Koma mudziwe zinthu zitatu. Iyi ndi ngongole, adzabweza akadzamaliza. Si onse ofunsira amene amalandira. Ndipo ngakhale walandira, ndalamayo sikwanira zonse ndipo mwina singafike sabata yoyamba. Thiransipoti, bulangete, matiresi, lendi, chakudya cha mwezi woyamba, zonsezi zimayang'ana kunyumba. Malo ogona a pa koleji sakwanira ophunzira onse, kotero ambiri amachita lendi kunja ndi kudziphikira. Foni yotha kulowa pa intaneti si chinthu chonyadira kumeneko, chifukwa zolemba za m'kalasi ndi mauthenga a aphunzitsi zimadutsa momwemo.

Ndiye nayi ntchito yathu ngati alimi. Digiri imatenga zaka zinayi, ina zisanu, dipuloma ziwiri kapena zitatu, ndipo chaka chilichonse chimagawidwa pawiri. Ndiye kuti fizi imagogoda kawiri pa chaka, lendi ndi chakudya mwezi ndi mwezi, pomwe munda wa mvula umalipira kamodzi. Vuto lagona pamenepo. Banja lodalira chimanga chokha limagulitsa pokolola mtengo uli pansi, n'kudzagula chomwecho mu Januwale mtengo utakwera, ndipo mwana ndi makolo onse n'kukhala ndi njala. Chofunika ndi kukhala ndi zogulitsa m'miyezi yosiyana. Soya ndi mtedza zimabweretsa ndalama kuyambira Meyi mpaka cha mu Julayi. Dimba limagwira kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba. Zomwe mwasunga bwino m'matumba osalowa mpweya, monga a PICS, zikhoza kudikira mtengo popanda anankafumbwe, bola mbewuyo iume bwino musanatseke. Ndipo musaike chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi. Alimi a nandolo akukumbukira 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kumeneko, mtengo kuno n'kugweratu.

Ziweto ndiye banki yeniyeni ya fizi, chifukwa zimagulitsidwa mwezi uliwonse. Koma banki imeneyi imatsegulidwa mwana ali Fomu 1, osati tsiku lomwe dzina latuluka. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo yosamalidwa bwino ikhoza kuswa katatu pa zaka ziwiri. Tiyerekeze kuti mwagula mbuzi ziwiri zazikazi mwana akuyamba sekondale, osazigulitsa pa chilichonse. Pofika Fomu 4 muli ndi khola loti mukhoza kutapamo osalimaliza. Khola likhale la m'mwamba, muzizimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba. Nkhumba imafulumira, bere lake ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, ndipo imaswa ana ambiri, koma chigodola chilibe katemera kapena mankhwala kuno kwathu; chikalowa m'mudzi khola lonse limatha sabata imodzi. Wosunga nkhumba za fizi azitsekere m'khola, asalole aliyense kulowamo, ndipo asabweretse pakhomo nyama ya nkhumba yosadziwika kochokera. Nkhuku ndi za mavuto ang'onoang'ono, monga mwana akaimba kuti ufa watha. Katemera wa chitopa katatu pa chaka ndi wotsika mtengo kuposa nkhuku imodzi.

Banki mkhonde ndi yabwino posunga, ndipo ngati nthawi yogawana ikufanana ndi yotsegulira koleji, zili bwino kwambiri. Koma kukongolako fizi yonse n'koopsa, chifukwa chiwongoladzanja chake ndi cha mwezi ndi mwezi, pomwe fizi sibereka ndalama mwezi wamawa. Kongolani pokhapokha mukudziwa chomwe mugulitse kuti mubweze, ndi mwezi wake. Katapila ndiye ayi. Kugulitsa mbewu ikadali m'munda, ayinso. Za kugulitsa munda ndikupemphani muganize kawiri: mundawo ndi womwe ukalipire chaka chachiwiri, chachitatu ndi chachinayi. Ukapita chaka choyamba, zaka zinazo mudzalipira ndi chiyani?

Mutu umodzi susenza denga. Dzina likatuluka timaimba nthungululu, achibale n'kulonjeza kuti tidzathandiza, koma lonjezo lopanda mwezi ndi nambala silifika ku banki. Itanani a malume, azakhali, akuchimuna ndi akuchikazi omwe, mukhale pansi. Wina anene kuti ine thumba la chimanga teremu iliyonse, wina thiransipoti, wina lendi ya miyezi yakutiyakuti. Zilembedwe, ndipo mwanayo akhalepo amve. Kwa ana amasiye, a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi athandize kukafika ku ofesi ya zosamalira anthu kwa DC. Mipingo ndi mizikiti nayonso ifunsidwe, komanso mabungwe monga CAMFED omwe amathandiza atsikana m'maboma ena.

Mwana wapita. Ambiri timapumira pomwepo, koma kumaliza ndi nkhani ina. Mwana wochokera ku CDSS, amene anali nambala wani kwawo, amakapeza anzake oyankhula Chingerezi ngati madzi, ozolowera kompyuta, ovala bwino. Iye kompyuta akuigwira koyamba. Aphunzitsi a kumeneko salondola munthu kuti walemba kapena ayi. Amachita manyazi kufunsa, n'kulephera phunziro limodzi kapena awiri. Wolephera pang'ono amapatsidwa mwayi wolembanso, ophunzira amati masapu. Wolephera kwambiri amabwereza chaka kapena kuchotsedwa, kumene amati kuwididwa. Ndipo mwana wotere sanena kunyumba, poopa kukhumudwitsa anthu amene anagulitsa mbuzi chifukwa cha iye. Ndiye mukamuimbira foni musangofunsa kuti muli bwanji kumeneko, chifukwa yankho lidzakhala lakuti ndili bwino. Funsani kuti wadya chiyani lero, akugona ndi ndani m'chipinda, ndi phunziro liti lomwe likumuvuta, mayeso ayamba liti, zotsatira zatuluka kodi. Mumuuziretu asananyamuke kuti kulephera phunziro si mlandu wobisa. Pa koleji pamakhala ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndipo pali magulu a mapemphero ndi a ophunzira ochokera dera limodzi. Alowe m'gulu la anzake owerenga pamodzi sabata zoyambirira zomwezo.

Pali zina zomwe ife makolo timachita tokha zomwe zimabweza ana. Kandalama ka ngongole kakalowa, tisamuimbire mwana kuti tumizako ya feteleza. Ndalama imeneyo ndi ya chakudya chake, ndipo akaitumiza amakhala ndi njala, mtsikana n'kuyamba kumvera abambo a magalimoto, mnyamata n'kuyesa mwayi pa kubetcha mpira. Tisamuitanenso pa maliro aliwonse ndi pa ntchito iliyonse ya kumunda pakati pa teremu. Sabata imodzi yojomba kumeneko ndi yovuta kuibweza. Ndipo zikavutitsitsa, fizi yasoweratu kapena mwana wadwala, asangonyamula chikwama n'kubwera mwakachetechete. Apite ku ofesi, alembe kalata yopempha kuimitsa kaye maphunziro kuti malo ake asungidwe, ndipo asunge kope la kalatayo ndi yankho lake. Wochoka mwa dongosolo amakhala ndi pobwerera. Wongosowa amawerengedwa kuti anathawa.

Monga gulu, pali zomwe tingayambe popanda kudikira wina. Alembi atsegule tsamba m'buku lathu, tilembe ana onse a mamembala ndi amasiye a m'midzi yathu omwe ali Fomu 3, Fomu 4, odikira, ndi omwe ali kale ku koleji. Tisankhe munthu mmodzi wokhala ndi foni ya intaneti kuti azitsata zilengezo ndi kutiuza pa msonkhano uliwonse. Inenso zomwe ndamva ku ofesi ndizibweretsa. Ana athu omwe ali ku koleji akabwera pa holide, tiwaitane adzayankhule ndi azing'ono awo pansi pa mtengo uno, chifukwa mwana amamva msanga za mnzake amene wapondako. Za zokolola za m'munda wophunzirira, mukambirane nokha ngati gawo lina lingapite ku thumba lolipirira mafomu ndi thiransipoti ya ulendo woyamba. Zimenezo ndi za inu eni gulu, osati za mlangizi.

Sabata yamawa banja lililonse libwere ndi kope. Mujambule mizere khumi ndi iwiri, Januwale mpaka Disembala. Kumanzere mulembe zomwe mumagulitsa mwezi umenewo, kumanja ndalama za sukulu zomwe zimafunika mwezi womwewo. Amene kulemba kumawavuta, mwana wa sukulu yemweyo awalembere. Tidzayang'ana miyezi yomwe kumanzere kuli mbee, tione kuti tingaikepo dimba, mbuzi kapena matumba osunga. Tikumana pa munda nthawi ya 7 koloko, ndipo gulu lachiwiri ndi lomwe lidzayeze mbewu.